Masabata 9 mu wodi ya ana obadwa masiku asanakwane kuno ku Joni, mmene ndinaionera

Ndakhala ndikufuna kulemba zimenezi kuyambira mu Juni pomwe tinatuluka, koma mukudziwa mmene zimakhalira ndi khanda, tsiku limangothera pa mkaka ndi matewera. Lero wagona bwino nde ndati ndilembe zisanayambe kuiwalika. Nkhani yake ndi ya chipatala cha boma kuno ku Johannesburg komwe mwana wanga anagonekedwa masabata 9, koyamba ku NICU, wodi ya makanda odwala kwambiri, kenako high care ya omwe ayamba kupezako bwino, kumapeto wodi ya kangaru komwe mayi amamanga mwana pachifuwa. Dzina la chipatalacho sinditchula ayi, chifukwa pali zina zomwe ndidandaule pansipa ndipo masista omwe anandigwirira mwana usana ndi usiku akadali pa ntchito pompo, sindikufuna wina akaitanidwe ku ofesi chifukwa cha ine. Kwa amene mukufuna yankho lachangu, pa nyenyezi 5 ndikuwapatsa 4, ndipo mng'ono wanga zitamuchitikira ndingamuuze kuti thamangira konko osaima panjira. Nyenyezi imodzi yotsalayo inathera usiku, ndifotokoza.

Ine kwathu ndi ku Thyolo, kuno ndimakhala ku Turffontein mu rumu ya kuseri kwa nyumba, ntchito ndi ya m'nyumba ku Randburg, bambo a mwanayu ndi telala ku Fordsburg. Sikelo ndinayamba mochedwa mimba ili ndi miyezi 5, osati ulesi koma mantha a mapepala, pamiti inali itatha nde ukamva nkhani zoti anthu akubwezedwa pa geti umangoti kaya ndidikire kaye. Pamenepo ndinalakwitsa, ndikunena poyera kuti wina asatsatire. Masabata 29 atatsala pang'ono kukwana mapazi anatupa mpakana silipasi kukana kulowa, mutu ukuwawa cha pachipumi apa, m'maso mukuoneka tinyenyezi. Ku kiliniki sista atayeza BP sanayankhule zambiri, anangotenga foni nkuitana ambulansi.

Chinthu choyamba chomwe anandichita nditafika ndi jakisoni wa pathako. Ine ndimayesa wa BP, ayi ndithu, akuti ndi wa mwana, wokhwimitsa mapapo, dzina lake betamethasone, kumudzi kawirikawiri amabaya dexamethasone koma ntchito ndi imodzi. Awiri, wachiwiri mawa lake. Adokotala ake anali mtsikana wachichepere, anakhala m'mphepete mwa bedi nkundiuza kuti mama, tikufuna tikoke nthawi olo masiku awiri mwanayu akhalebe m'mimba kuti jakisoniyu agwire, bola BP yanu itilole. Anandiikanso dripu ya magnesium ija imakutenthetsa thupi lonse ngati wakhala pafupi ndi uvuni ya njerwa, yoteteza ine kuti ndisakomoke komanso ubongo wa mwana. Anandisunga masiku awiri ndi theka akuyeza BP pafupipafupi, tsiku lachitatu m'mamawa ndi pomwe anati basi sitingadikirenso, tiyeni ku fiyeta. Ndinadzawerenga pa foni pambuyo pake kuti nzeru ya jakisoni ameneyu inachokera kwa dokotala wa ku New Zealand, Graham Liggins, yemwe ankayesa pa nkhosa za bere, ndipo iye ndi mnzake Ross Howie anatulutsa zotsatira za amayi mu 1972. Zaka zoposa 50 zadutsa, mankhwala ake otchipa, koma mayi akafika mwana ali kale panjira jakisoniyo alibe mpata wogwira ntchito. Masiku awiri amene aja ndimawawerengera ngati chithandizo choyamba cha mapapo a mwana wanga.

Anabadwa mwamuna, 1.1 kg, paketi ya shuga ya Illovo ndi kakang'ono pamwamba. Tsiku limenelo sindinamuone, analowa ndi bambo ake nkubwerako nkhope itagwa akuti amuika mu jumbo. Zoonadi anamuika mu pulasitiki mpakana m'khosi ndi kachipewa kumutu atangotuluka, kuti asazizidwe, chifukwa kamwana kotere kakazizidwa kupuma kumavutiratu. Mawa lake anandikankha pa wilutcheya kukamuona. Khungu lofiira lowala ngati lapakidwa mafuta, zala ngati timitengo ta machesi, timachubu tiwiri m'mphuno tomangiriridwa ku chipewa, pambali pa inkyubeta botolo la madzi likungobwata osaleka. Imeneyo nde CPAP, aliyense mu wodimo amangoti sipapu.

Sista wamkulu wa masana, mayi wachikulire wa Chisotho, ndi amene anandimvetsetsa. Anatenga kajumbo, kukanyowetsa mkati pa mpopi, kukafinya nkundipatsa kuti mama tayesani kutsegula. Kanamatirana kukana kutseguka. Akuti timatumba ta m'mapapo a mwana wanu tikupanga chonchi akangotulutsa mpweya, chifukwa mafuta oterera omwe amatiteteza kuti tisamatirane, surfactant, thupi limayamba kuwapanga okwanira cha ku masabata 34 kapena 35, nde iye wafulumira. Sipapu ntchito yake ndi kusiya timatumbato tili totsegukabe pang'ono kuti tisaphwe, koma wopuma ndi mwanayo yekha. Usiku woyamba anayamba kubuula nthiti zikulowa mkati, nde anamuthira surfactant yo kudzera mu kachubu kowonda kopita kukhosi, sipapu ili m'mphuno momwemo, mphindi zochepa nkukachotsa. Kwa abale athu achisilamu, poti a ku Mangochi ndi Machinga kuno mulipo ambiri, mankhwala amenewa ena amachokera ku mapapo a ng'ombe ena a nkhumba. Mayi wina wa pa bedi yoyandikana nane anafunsa, adokotala anakhala pansi naye pamodzi ndi amuna ake kukambirana bwinobwino mpakana anagwirizana, palibe anamunyoza kuti wafunsa za ziii.

Apa ndiulule zomwe zinali mumtima mwanga. Pafupi ndi mwana wanga panali kamtsikana ka pa ventileta, chimakina chachikulu chomupumira mwana cha manambala ambirimbiri, chubu mkamwa. Ine ndinayamba kuganiza kuti wanga amupatsa botolo la madzi chifukwa ndine wobwera, makina enieni akusungira ana a eni dziko. Ndinasunga zimenezo masiku atatu, tsiku lachinayi pa raundi ndinafunsa mawu akunjenjemera. Adokotala aakulu sanakwiye. Anati mama, ventileta imapulumutsa moyo ndipo ikafunika timuikapo osazengereza, koma imakankha mpweya mwamphamvu m'mapapo omwe sanathe kumangidwa, ili ngati kukweza denga khoma lisanaume. Mapapo akamatamuka chonchi masiku ambiri, kuphatikiza okosijeni wochuluka ndi matenda olowa m'magazi, amatupa, amachita zipsera, timatumba tatsopano timasiya kuphuka. Matenda ake amati BPD, dzina lonse bronchopulmonary dysplasia, anawafotokoza koyamba dokotala William Northway wa ku Stanford ku America mu 1967, atawaona pa ana omwe anapulumuka ndi ventileta ndi okosijeni wambiri. Muyezo wake ndi woti mwana akafika pomwe mimba ikanakhala ya masabata 36 akufunabe okosijeni kapena makina, nde kuti ali nawo. Ana otere ena amatuluka ndi silinda ya okosijeni, chifuwa sichichedwa kuwagwira, m'chifuwa mumalira, nyengo yozizira kubwerera kuchipatala kangapo. Nde tsiku lililonse lomwe mwana wanu akupuma yekha pa sipapu, anatero, ndi tsiku lomwe tapindula. Ndinachita manyazi koma mtima unakhala pansi.

Botolo lobwatalo linandikumbutsa kwathu, ndipo apa ndinyadireko pang'ono. Ku Queens ku Blantyre, ku nazale ya Chatinkha, kuli sipapu yotchedwa Pumani, dzina lathu lomwe, yomwe inapangidwa ndi a Rice University a ku America mogwirizana ndi madokotala ndi manesi a pa Queens pompo, ndipo yoyambirira inkagwiritsa timapampu ta m'matanki a nsomba zoweta m'nyumba kuti mtengo utsike. Kafukufuku wa adokotala Kondwani Kawaza ndi anzawo yemwe anatuluka mu 2014 anapeza kuti mwa ana obanika omwe anaikidwa pa makinawa 71 pa 100 anapulumuka, pomwe mwa omwe analandira okosijeni wa m'mphuno chabe anali 44 pa 100. Dziko lathu lipoti la mu 2012 linaliika pamwamba penipeni padziko lonse pa ana obadwa masiku asanakwane, 18 pa ana 100 aliwonse, nde si nkhani ya ku Joni kokha, pafupifupi banja lililonse kumudzi lili ndi kamanda kake kakang'ono kosatchulidwa. Nditawauza masista za Pumani ndi tanthauzo lake mmodzi anaseka nkuyamba kumuuza mwana wanga m'mawa uliwonse kuti pumani, pumani.

Tsopano nkhani ya okosijeni, yomwe kwa ine ndi pomwe pagona zonse. Kuphazi kwa mwana amamangako kachingwe kowala mofiira, pa monita nkumaoneka nambala. Ine mmene ndinaleredwera 100 ndiye kukhoza mayeso, nde ndikaona 92 mtima umathamanga, ndikaona 99 ndimati Ambuye alemekezeke. Tsiku lina nambala ili pa 99 alamu nkuyamba kulira, sista kubwera nkutsitsa okosijeni. Ndinatsala pang'ono kumugwira dzanja. Akuti ayi mama, mwana yemwe akulandira okosijeni timafuna akhale pakati pa 90 ndi 95, akapitirira pamenepo okosijeni yemweyo amaotcha mapapo komanso amaononga mitsempha ya m'maso mpakana mwana kusiya kuona. Anandionetsa kapepala komata pa inkyubeta iliyonse kolembedwa manambala awiriwo, ndi kachipangizo kosakaniza okosijeni ndi mpweya wamba, kamene amati bulenda. Mpweya tikupumawu okosijeni wake ndi 21 pa 100, nde cholinga chawo chinali kumutsitsa pang'onopang'ono kuchoka 40, kubwera 30, 25, mpakana afike 21. Masana zimenezi amazitsata ngati lamulo la mpingo. Sista akamadutsa diso limapita pa monita kaye asanakupatse moni, ndipo pa raundi funso loyamba la adokotala linali lomwelomwe, ali pa zingati lero, tingatsitse? Adokotala ena anandikumbutsanso kuti Johannesburg ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,750, kuposa ngakhale Dedza, nde mpweya wa kuno ndi wopepuka ndipo kamwana ka mapapo ofooka kamavutikirapo kusiyana ndi kakanakhala ku Durban m'mbali mwa nyanja. Sindinaganizepo kuti Joni ndi phiri.

China chomwe chinandidabwitsa ndi kofi. Tsiku lililonse m'mawa ankamupatsa kafeini, yemweyu wa mu kofi koma wa mankhwala, poyamba mu dripu kenako mu chubu cha mkaka, chifukwa tiana timeneti timaiwala kupuma, kamangoti zii nambala nkuyamba kutsika mpakana ukasisite kumsana. Kafukufuku wamkulu wotsogoleredwa ndi Barbara Schmidt wa ku Canada, wa ana 2,006, yemwe anatuluka mu 2006, anaonetsa kuti mwa olandira kafeini 36 pa 100 ndi omwe ankafunabe okosijeni pa masabata 36, pomwe mwa osalandira anali 47. Apa chipatala sichinaphonye olo tsiku limodzi, ndimayang'ana pa tchati ndekha.

Koma usiku, abale. Usiku wodi imasanduka ina. Masana pamakhala masista okwanirako, ophunzira, madokotala, usiku ku high care ndinawerenga ndekha kangapo sista mmodzi ana 8 nthawi zina kuposa, wina akadwala osabwera palibe womulowa m'malo. Ma alamu amalira mbali zonse nthawi imodzi mpakana khutu limazolowera. Ndinaona ndi maso anga mwana wanga atatsika kufika 80 chifukwa timachubu ta sipapu tachoka m'mphuno, sista akuthamanga kuchokera kwa mwana wina, kukweza okosijeni, nambala kukwera, iye nkuthamangira kwina komwe kukulira, osabwereranso kudzatsitsa. Ndinakhala pampando kuyang'ana 99, 100, 100, kwa nthawi yopitirira ola, ndikudziwa tsopano tanthauzo lake, ndikuopa kuyankhula kuti angati mayi wa ku Malawi uja ndi wovuta. Vuto silinali okosijeni, linali timachubu tomwe timangofunika kubwezeretsa bwino. Mapeto ake ndinadzuka nkukamugwira paphewa kuti sista pepani, nambala ija yakhalitsa pamwamba. Anabwera, anatsitsa, anakonza chipewa, nkunena kuti mwachita bwino mama muzindiuza. Maso ake anali ofiira ndi tulo. Sindimuimba mlandu mayi ameneyo olo pang'ono, manja ndi awiri basi. Amene ndikuwadandaula ndi okonza ndandanda ya ntchito ndi olemba anthu ntchito, chifukwa zonse zabwino zomwe amamanga masana zimatha kugumuka pakati pa 1 ndi 4 koloko m'bandakucha. Ngakhale kamphuno kake kanachita bala pakati apa sabata yomwe masista anali ochepetsetsa, mpakana anayamba kusinthanitsa timachubu ndi kamasiki kuti papole. Chipsera chake chikuonekabe pang'ono ukayang'anitsitsa.

Sabata yachitatu ndi yomwe sindidzaiwala. Anangofooka, mimba kutupa, mkaka kubwerera, khungu kuchita ngati phulusa, kuiwala kupuma kambirimbiri. Magazi anaonetsa kuti tizilombo talowa. Anamuika pa ventileta ija ndinkaisirira, masiku 4, ndipo nditaiona chubu chili mkamwa mwake akulira opanda mawu ndinamvetsa chifukwa chake ankaikana. Sindinganene kuti matendawo anachokera pakutipakuti. Chomwe ndinganene ndi chomwe ndinaona, botolo la sanitaiza pa khomo limatha Lachisanu madzulo nkukhala lopanda kanthu mpakana Lolemba, mpopi umodzi mwa itatu unali wakufa nthawi yonse yomwe ndinakhalako, ndipo anthu ena ovala makoti oyera, osati onse, amagwira foni kenako nkulowetsa dzanja mu inkyubeta. Ife amayi amatikakamiza kusamba mpakana m'zigongono, kuvula mphete, kudula zikhadabo, ndipo nzoyenera, koma lamulolo likhale la aliyense. Mbali yabwino nde yoti anazindikira msanga, ndi sista wa usiku yemwe uja amene anaona kuti mwanayu sali mmene amakhalira nkudzutsa adokotala magazi asanayezedwe nkomwe, maantibayotiki anayamba ola lomwelo, ndipo m'mawa uliwonse ankayesa kutsitsa makina mpakana tsiku lachinayi anamubwezera pa sipapu.

Za mapepala ndinene mwachidule poti ambiri mumafunsa. Mu wodi palibe anandifunsapo pasipoti, olo kamodzi. Pa windo lotsegulitsa fayelo nde panali mavuto, kalaliki anawauza bambo a mwana kuti obwera amalipira kaye, anawaimika pambali theka la tsiku akuthandiza ena. Dziwani kuti mu Epulo 2023 khoti lalikulu la Gauteng kuno ku Johannesburg, pa mlandu womwe anakasuma a bungwe la SECTION27, linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 alandire chithandizo chaulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko lomwe achokera kapena mapepala, kupatula omwe ali pa medical aid kapena obwera dala kudzangolandira chithandizo. Wa social worker ndi amene anatsika nafe pa windopo nkhani nkutha, sitinalipire olo randi imodzi. Chilankhulo nachonso ndi phiri, zambiri zimanenedwa mu Chizulu, Chisotho kapena Chizungu chothamanga, ine Chizungu ndimamvako nde ndinasanduka womasulira wa amayi atatu akwathu, mmodzi anali atasaina pepala osadziwa kuti wavomera chani.

Mkaka ndi kangaru ndi pomwe ndinamva kuti nanenso ndili ndi ntchito, sindine mlendo wodzangoona. Tsiku loyamba lomwe anandiuza kuti finyani, olo timadontho, tija tachikasu toyambirira, amatitenga ndi sirinji nkumupaka mkamwa. Anayamba ndi 1 ml pa maola atatu aliwonse kudzera mu chubu chopita m'mimba. Kufinya ndi manja mu kapu maola atatu aliwonse usiku womwe, bala la opaleshoni likuwawa, si masewera, ndipo masiku oyamba wanga umatuluka wochepa nde anandipempha chilolezo kuti amupatseko mkaka wa amayi ena opereka mwaufulu, woyezedwa ndi kuphikidwa bwinobwino. Apongozi nditawauza pa foni anakana kaye, akuti mwana angatengere mtima wa eni mkaka, koma sista anandifotokozera kuti wa m'chitini pa kamwana kotere umatha kubweretsa matenda oopsa a m'matumbo, ndipo mwana wosakula bwino mapapo akenso sakula. Ndinasaina. Unali wa masiku 5 okha wanga nkubwera.

Kangaru anayamba akadali pa sipapu, sanadikire kuti akule. Masista awiri, wina wanyamula mwana wina machubu, kumuika pachifuwa panga pakati pa mabere atavala thewera ndi chipewa basi, nkumumanga ndi chitenje changa chomwe ndinachokera nacho ku Limbe. Ukayang'ana monita nambala imakhazikika, kupuma kumadekha, kamutu katsamira apa ukumva kutentha kwake. Njira imeneyi inayambira ku Bogotá ku Colombia mu 1978 chifukwa cha kuchepa kwa ma inkyubeta, kwathu inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, nde amayi akumudzi ambiri amaidziwa kale. Bambo ake poyamba amakana akuti ndimuthyola, Lamulungu lina sista anangowauza kuti baba vulani shati khalani apa, anakhala maola awiri osagwedezeka misozi ikutsika. Dandaulo langa apa ndi malo ogona amayi. Mabedi ndi ochepa, masabata atatu oyamba nditatulutsidwa ine ndimayendera kuchokera ku Turffontein, matekisi awiri kupita awiri kubwera, mkaka uli mu kabotolo mu chikwama chozizira, ndalama yomwe inatha pa transipoti inaposa renti. Amayi ena amabwera kawiri pa sabata chifukwa chosowa ya tekisi, ndipo ana awo ndi omwe ankachedwa kukwera sikelo. Bedi nditaipeza ndimamunyamula pafupifupi tsiku lonse ndipo kulemera kunayamba kuoneka, magalamu 20, 30 pa tsiku.

Sipapu anaisiya pa masabata 33, nkupita pa timachubu tating'ono ta okosijeni. Apa nde panandiyesa mtima chifukwa amamuchotsa, maola angapo nambala nkutsika, kumubwezera, mawa kuyesanso. Maso anamuyeza kawiri, ndi kachitsulo kotsegula zikope komwe mayi sufuna kukaona kawiri, anati ali bwino. Tsiku lomwe anakwana masabata 35 ndi masiku 3 anamuchotsa m'mawa, ndinakhala ndikuyang'ana monita tsiku lonse osadya, 93, 94, 92, akuyamwa 91 nkubwerera, usiku wonse chimodzimodzi. Pa masabata 36 adokotala aakulu aja analemba mu fayelo nkunditembenuzira kuti ndiwerenge ndekha kuti akupuma mpweya wamba. Kamtsikana ka pa ventileta kaja, kobadwa pa masabata 26, tinakasiya kakadali pa okosijeni, mayi ake akuphunzitsidwa kagwiritsidwe ka makina a kunyumba ndipo nkhawa yawo yaikulu inali magetsi, kuti akathima usiku atani. Timalankhulanabe pa WhatsApp. Iwo sanalakwitse kanthu ndipo masista anakagwirira ntchito kuposanso wanga, kanangofulumira kwambiri.

Tinatuluka pakati pa Juni ali 2.1 kg, Joni ikuzizira ngati mufiriji. Asanatisainire, sista wa Chisotho uja anatikhazika tonse awiri nkufunsa kuti kunyumba mumaotha chani. Tinati hita ya parafini, magetsi akathima mbaula. Anagwedeza mutu, akuti mapapo awa tawasamala masabata 9 musakawathere ndi utsi, mbaula m'nyumba ayi, parafini ayi, wosuta fodya asamunyamule olo atasutira panja, wachimfine aime pakhomo, chifukwa kachilombo ka RSV komwe kwa wamkulu ndi chimfine wamba kwa uyu ndi kubwerera pa okosijeni. Hita yake ndinu mama, mumangeni pachifuwa. Bambo ake anagulitsa foni yawo yabwino nkugula hita ya mafuta ija yamagetsi yosatulutsa utsi, magetsi akapita ndimamumanga mkati mwa juzi nkufunda mabulangete awiri. Azimayi a kumpingo anadandaula kuti tawakaniza kudzaona mwana, ndinawauza kuti chikuta chathu chatalika, akatuluka mudzamunyamula mpakana kutopa.

Ku kiliniki ya ana otuluka ku NICU timapita mwezi ndi mwezi, mzere wake ndi wautali, fikani isanakwane 6 koloko ndipo tengani buku la sikelo la mwana lija amati Road to Health ndi kalata yotulukira, koma ukalowa amamuyeza mofatsa, kumvera m'chifuwa, kuona mmene akugwirira khosi, ndipo amawerengera msinkhu wake kuyambira tsiku lomwe amayenera kubadwa osati lomwe anabadwa, nde musamufanizire ndi ana a aneba. Sabata yatha anali 5.3 kg. Anadwalako chimfine kamodzi mu Ogasiti, ndinagona ndikuwerenga kupuma kwake ndi kuyang'ana nthiti ngati zikulowa, sizinalowe. Fomu ya madandaulo ndinalemba nkuponya mu bokosi lawo, zinthu zitatu, masista ausiku awonjezedwe, sanitaiza asamathe pa wikendi, mabedi a amayi achuluke. Sanandiyankhebe. Tikubwerera pa 14 mwezi wamawa, ndikafunsa pa ofesi, komanso ndawasokera masista a high care tizipewa 20 ta ana kuchokera ku zidutswa za kushopu kwa bambo ake, tija ta m'wodi tinali titatha mphira nchifukwa chake timachubu timangovuka.